Kalata ya ku Jeremani Imene Ndinakubisira

Namitambo, Chiradzulu
16 Ogasiti 1992

Mwana wanga Tatu,

Asalamu alaikumu. Kaya muli bwanji ku Dwangwako, iwe, amuna ako ndi ana? Ine ndilipo, kungoti miyendo ikutupa. Kuno chilala chatipsereza. Chimanga chinauma chisanamasule, ndipo makomo ambiri akudalira madeya.

Kalata yako ndawerenga katatu. Ukuti mwana wako Latifa asabwererenso kusukulu, akwatiwe, kuti mupepukidwe pa njalayi. Za njalazo ndikuzimvetsa. Chimene chandiwawa ndi mawu ako akuti mwanayo anatengera mutu wako wouma, poti iweyo ngakhale azungu a nyenyezi aja sanaone chokuyankhira.

Tatu, anakuyankha.

Unali Fomu 3, chaka cha 1975, pamene aphunzitsi ako a sayansi anakuonetsa chilengezo cha msasa wa ku Jeremani, kumene achinyamata a mayiko osiyanasiyana amakhala limodzi milungu itatu kuphunzira nyenyezi. Unawalembera zofotokoza chifukwa chake mwezi wa Ramadhani umaoneka kwina lero, kwathu kuno mawa. Unalemba keyala ya sukulu imene ndinkaphunzitsa, choncho yankho linafikira ine. Anati pa onse olemba kuchokera ku Africa anasankha awiri, mmodzi ndiwe, ndipo ulendo wonse akonza okha.

Ndinavina ndekha muofesi. Koma ukudziwa kuti kwathu kuno bambo amabereka chabe, mwana ndi wa amalume ake. Ndinapalasa njinga mpaka ku Namadzi kwa malemu a Halidi, alongo awo a amayi ako. Poyamba anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti kumeneko ndi kusukulu kodi. Ndikanangoti inde, bwenzi atavomera.

Koma ine ndi uphunzitsi wangawu ndinayamba kufotokoza. Ndinati nyenyezi sizioneka bwino m'tauni chifukwa cha magetsi, n'chifukwa chake msasawo amaumanga kutchire. Ndinati anawo amagona masana, usiku n'kutuluka kudambo ndi makina awo oonera kumwamba. Anafunsa kuti anawo ndi atsikana okhaokha. Ine ndinati ayi, ndi anyamata omwe, awiriawiri pa makina amodzi.

A Halidi anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwa ine, aphunzitsi, kuyang'ana nyenyezi awiriawiri kudambo nafenso tinakuchitapo tili anyamata, ndipo kumatha ndi mlandu pabwalo. Anandiuza kuti ndisunge Chingerezi changa, iwo asunga mbumba yawo. Anati mwana amene azungu amudziwa dzina wakula, ndipo sabata yomweyo anayamba kumva za ukwati wako.

Mlandu wa a Halidi uthera pomwepo. Wotsalawu ndi wanga. Loweruka lililonse la tchuthi cha chaka chimenecho unkandichingamira panjira kufunsa ngati kwabwera kalata, ine n'kumati ayi. Ndinkaopa kuti ukadziwa udzadana ndi amalume ako, ndipo amayi ako adzavutika pakati. Ndinkati uiwala. Tsiku lina unandiuza kuti basi bambo, nzeru zanga zachepa, n'kupereka mabuku ako kwa mlongo wako Lajabu. Ndinakuyang'ana, koma kalatayo sindinaitulutse. Ukwati utabwera sunakane n'komwe. Amayi ako anamwalira osadziwa.

Kalatayo ndaiika muno. Yafiira, njenjete zadya ngodya, koma dzina lako likuwerengeka. Uwerenge wekha, kenako umupatse Latifa awerenge mokweza.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ukafuna kundikalipira, pepala lilipo, ndiwerenga zonse. Pempho langa n'limodzi: usamukwatitse mwanayo chifukwa cha bodza langa. Mutu umene ukuti anatengerawo si wouma. Mutumize kuno sukulu zisanatsegulire. Ufa wachithandizo umene ndimalandira ndigawana naye, ndipo nkhuku zinayi zikadalipo.

Mwini mbumba tsopano ndi Lajabu. Dzulo ndamuululira zonsezi. Anangodzuka n'kuchoka osatsanzika, koma m'mawa uno watumiza mawu akuti achita zimene iwe unene. Ndiye nkhani yatsala m'manja mwako, monga inayenera kukhalira kale.

Allah akusungeni nonse m'chaka chowawachi. Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa ana. Ndizipita kupositi Lachisanu lililonse tikachoka ku mapemphero a Juma, malinga miyendo ikalola.

Ndine bambo ako,
Abbas