Pondani, Gwirani, Siyani

Lolemba, 9 Juni
Kugaraja kwabwera galimoto ya mpikisano, yofiira. Eni ake ndi adokotala aja anandizula dzino mwezi watha. Mayi ameneyu amathamangitsa yekha. Vuto: buleki ukaiponda ikungomira ngati waponda mkate. Mpikisano Loweruka. Ndawauza kuti ndi mpweya m'mapaipi, koma kuutulutsa ndi ntchito ya anthu awiri, wina kuponda, wina kutsegula kansonga kotulutsira mpweya kutayala. Akuti, "Miyendo ndili nayo, amisiri." Akaseka, kampata m'mano. Dokotala wa mano!

Lachiwiri, 10 Juni
Abwera ataweruka. Ine pansi ndi sipanala, iwo pampando. "Pondani. Gwirani. Siyani." Matayala onse anayi, kawiri. Buleki ikadali phala. Ndimayenera kudandaula, koma ndikungoimba mluzu. Chimwalirireni mayi a ana, mluzu unali usanatulukepo.

Lachitatu, 11 Juni
Ovolosi yochapa, yositanso. Mlongo wanga akuti ndapenga. Mapaipi sakudontha, mapadi a buleki ali bwino. Nkhani zinakoma, ndinaiwala kunena "siyani". Adokotala anagwirabe buleki mpaka mwendo njenjenje. Osadandaula.

Lachisanu, 13 Juni
Manyazi bwanji. Ndalipeza vuto m'mawa, ndili ndekha. Makalipa akutsogolo, aja amafinya mapadi, anamangidwa mosinthanitsa, lakumanja kumanzere. Kansonga kali pansi, chonsecho mpweya umakwera m'mwamba. Ukanatulukira pati? Zaka makumi atatu pantchito, masiku anayi osaona, maso ali kwina.
Ganizo loipa linandibwerera: ndingokhala chete, sabata yamawa abwerenso. Koma mawa akhala akulowa m'makona pa liwiro loopsa. Ndabwezeretsa. Madzulo tachotsa mpweya kamodzi kokha, buleki gwa.
Ntchito yatha. Alibenso chobwerera kuno. Zikundiwawa.

Loweruka, 14 Juni
Adokotala amaliza pa nambala folo, ali bwinobwino! Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Atulukira kugaraja ndi fumbi lomwe. Ndawafunsa amene anamanga makalipa aja kuti ndikamukalipire. Akuti, "Ndine, dala. Ndimati muzindikira tsiku lomwelo. Koma inu ndi ochedwa pa zonse."
Ndangowapatsa dzanja, girisi ndi zonse. Agwira. Agwirabe. Pakamwa panga, pozolowera, pangoti, "Siyani."
Akuti ayi.