Msomali wa pa Tebulo la Pazenera

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA CHIPINDA CHA OPHUNZIRA A DIGIRI YACHIWIRI

Tsiku: Lachitatu, sabata yoyamba ya teremu
Malo: Chipinda chathu chowerengeramo, kuseri kwa laibulale
Opezeka: A Ndimaliza (Wapampando), a Namwino, Aphunzitsi, Mlembi
Woitanidwa: A Watsopano, amene alibe tebulo
Osabwera: Mayi Chiswe (opepesa)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo analonjeza kuti teremu ino amaliza kafukufuku wawo. Mlembi anapempha chilolezo chokopera mawuwa kuchokera m'zolembedwa za chaka chatha. Chinaperekedwa.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zonse popanda womudula. Aka n'koyamba, chifukwa amene ankamuimitsa pa mzere uliwonse ndi Mayi Chiswe, omwe tinawatcha dzinali kaamba koti amafufuza za chiswe. Atafika pamapeto, Mlembi anadikira pang'ono. Zolembedwazo zinavomerezedwa, koma Mlembi sanakondwe.

3. Nthawi ndi ketulo

Aphunzitsi anapempha kuti zokambirana za mlungu ndi mlungu zizichitika masana, poti m'mawa amakhala ali m'kalasi ndi ana a eni. Onse anavomera. Anadandaulanso kuti pali wina amene amawiritsa mazira m'ketulo ya tiyi. Wapampando, akuyang'ana kudenga, anati nkhaniyo ifufuzidwa.

4. Kugawa matebulo

Pofuna kuthandiza a Watsopano, Wapampando anafotokoza mwambo wa chipinda chino. Pakhoma, pamwamba pa tebulo lililonse, pali msomali. Teremu ikatha, aliyense amatenga kapu yake n'kupita nayo kwawo, ndipo akabwerera amaikolekanso. Msomali wopezeka wopanda kapu pa msonkhano woyamba ndiye kuti tebulo lake lilibe mwini.

Vuto linali tebulo la pazenera. Mayi Chiswe anachoka pakati pa teremu yatha, atalandira foni yoti amayi awo agwa ndipo mbali imodzi ya thupi yauma. Anasiya tiyi ali wotentha. Kapu yawo, yobiriwira ya chogwirira chachikulu ija, ikadali pamsomali.

Aphunzitsi anati kapu yotsalira si kapu yokolekedwa. Anati mwini wake sanalembetse teremu ino, pomwe a Watsopano akulembera pamwendo pakhonde ngati wosoka zigamba. A Namwino anati mwambo umanena za kapu, sunena za dzanja limene laikoleka, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi anayankha kuti nkhono ilibe woyang'anira kafukufuku amene akufuna mutu woyamba mwezi uno.

A Watsopano anati sakufuna kulowa ndi mkangano, koma kunyumba ali ndi ana awiri m'chipinda chimodzi, ndipo akatsegula buku wamng'onoyo amalikhalira. "Ine sindikulanda malo a munthu ayi, akuluakulu. Ndingofuna poika zigongono basi."

Wapampando anafunsa amene wakhala akutsuka kapuyo, poti ilibe fumbi. Anafunsa maganizo a Mlembi, amene tebulo lake ndi loyandikana nalo. Mlembi anati ntchito yake ndi kulemba. Atakakamizidwa, anati masana dzuwa likafika pa mabotolo a chiswe ali pazenerapo, amatembenukabe kuti anene kanthu, ndipo anapempha kuti izi zisalembedwe. Aphunzitsi anati zilembedwe.

Mavoti anafanana, awiri kwa awiri. Wapampando anati nkhaniyi ayimaliza mawa.

5. Zina ndi zina

Panamveka kugogoda. Analowa bambo wovala ovololo ya umakaniko, nadzitchula kuti ndi mlongo wawo wa Mayi Chiswe. Anakana mpando, nati mafuta angadetse. Anati amayi ayamba kukhala tsonga, koma zala sizigwira bwino, ndipo makapu onse a kunyumba ali ndi zogwirira zazing'ono, tiyi amangotayikira pachifuwa.

"Ndiye achemwali anandituma kuti ndidzatenge yobiriwira ija. Akuti dzanja lonse limalowa."

A Namwino anafunsa ngati achemwali awowo akukumbukira tanthauzo la kuchotsa kapu pamsomali. Bamboyo anapukusa chipewa m'manja.

"Anati mudzafunsa zimenezo. Akuti mwambowo anayambitsa ndi iwo, ndiye musawaphunzitse."

Aphunzitsi, amene anali atapambana mkangano, anatulutsa mpango n'kuyamba kupukuta magalasi awo. Anapukuta nthawi yaitali.

Mlembi anafunsa ngati pali uthenga wina. Bamboyo anati achemwali amafunsa ngati a Ndimaliza anamaliza, ngati mazira akuwiritsidwabe, ndiponso ngati Mlembi akulembabe ziganizo zazitali zopanda popumira. Anati amayi akagona masana, achemwali amatsegula laputopu patebulo la kukhitchini, n'kuyang'ana mutu wachitatu wa kafukufuku wawo, n'kuitsekanso.

Wapampando anapempha amene ali pafupi kuti achotse kapuyo. Amene anali pafupi ndi Mlembi. Anaikulunga m'nyuzipepala kuti isasweke m'njira. Pakhoma panatsala chizindikiro choyera pomwe dzuwa silinkafika.

Chigamulo: Tebulo la pazenera laperekedwa kwa a Watsopano. Iwo anathokoza, koma anati kapu yawo aziika patebulo, ndipo mabotolo a chiswe asasunthidwe, adzazolowerana nawo. A Namwino anati zimenezo n'zosemphana ndi mwambo. Palibe anapempha voti.

6. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wina udzakhalako Lachitatu loyamba la mwezi wamawa, m'chipinda chomwechi. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko masana.

Posaina, Wapampando anaona kuti pamwambapa Mlembi walemba Mayi Chiswe ngati membala wopepesa, pomwe sanatumize kupepesa ndipo salinso m'komiti. Mlembi anavomera kuti n'kulakwitsa, nati akudziwa munthu mmodzi yekha amene amakonza zolakwitsa zake, ndipo adikira kuti munthuyo adzakonze yekha.

Wapampando anasaina osafufuta.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________