Makina Anga Ali M'galasi

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu ndi wa tizidzukulu tonse kumeneko. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tikudzuka ndithu, koma maso anga akunka nachita chifunga. Kuchipatala akuti ndi ng'ala, ndidikire. Sananene kuti ndidikire chiyani.

Ndakulembera chifukwa cha mwana wako, mphwanga amene ndinamulera m'nyumba muno. Usayambe kumuikira kumbuyo usanamalize kuwerenga, ndimakudziwa iwe.

Ukukumbukira mashedi athu a osula zitini kuseri kwa msika? Kulibenso. Boma linati likufuna kutukula anthu a luso ndi mabizinezi ang'onoang'ono, ndiye linagwetsa mashediwo n'kumangapo nyumba yosanja ya magalasi okhaokha. Anatilonjeza kuti ikatha, oyamba kulowamo tidzakhala ife. Tinawomba m'manja, ine ndemwe.

Itatha ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita kukawauza za makina anga oswera mtedza, aja ndinapanga ndi tcheni cha njinga ndi mgolo wakale. Bwana wa pa desiki anayang'ana imvi zanga, osati manja anga. Anati thandizoli ndi la achinyamata, agogo pitani mukatitumizire adzukulu. Ndinamufunsa ngati nzeru nazonso zimamera imvi. Anaseka, n'kuitana wotsatira.

Apa m'pamene mwana wako anabwera ndi maganizo ake. Anati amalume musadandaule, makinawo alowe m'dzina langa, akatipatsa malo tizidzagwirira limodzi. Ndinavomera. Ndinawakankha ndekha pa wilibala yobwereka mpaka pakhomo, iye n'kulowa nawo, ine n'kutsala panja ndi wilibala.

Mabwana anawakonda kwambiri makinawo. Mphwanga anamujambula, ndipo analankhula pa wailesi. Atamufunsa kumene anatenga nzeruyi, anati zinkamupweteka kuona mayi ake zala zitasupuka ndi makoko a mtedza. Mlongo wanga, zala zakozo anaziona liti iyeyu? Amene ndinkakumanga tinsanza m'zala ndine, uli kamtsikana, iye asanalotedwe n'komwe. Nkhaniyo ndinamuuza ndine tikudya. Anatenga ndi iyo yomwe.

Dzinalo sindikulira nalo ayi. Chikundidya ndi ichi: makinawo sanatulukenso. Anawapaka penti wobiriwira, ndi tcheni chomwe, n'kuwatsekera m'bokosi la galasi polowera, kuti alendo aziona kuti dziko likupita patsogolo. Amayi amene ankabwera kwa ine ndi matumba abwerera kuswa ndi zala. Akakumana nane amandifunsa kuti, abambo a zitini, makina aja anakwatiwa kuti? Ndimangoti anapita kusukulu.

Mwana wako anamupatsa chipinda pamwamba, muli mpando wozungulira ndi kompyuta. Tsiku ndi tsiku ali ku maphunziro a momwe angayendetsere bizinezi. Nditamupempha makina anga anati amalume mundiyalutsa, akadziwa kuti si anga andilanda chipinda. Akuti ndipirire, fakitale idzapanga ambirimbiri ndondomeko ikatha. Ndinamufunsa kuti ndondomekoyo imaswa mtedza? Kuyambira pamenepo foni yanga sayankha.

Ndinayesa kupanga ena pakhonde. Tcheni ndinachipeza, mgolo anandipatsa aneba. Koma bowo la msomali sindikuliona, ndipo nyundo ikumenya chala m'malo mwa chitsulo. Mlamu wako anabisa nyundoyo m'dengu la zovala, akuti safuna kusamala wakhungu wopanda zala. Tsono aja ndiwo oyamba, ndiwonso omaliza.

Dzulo ndinapitako ku nyumba ya magalasi ija. Mlonda wa pakhomo ndi mnzanga uja ankasoka nsapato pafupi ndi shedi yanga, pano anamuveka yunifolomu. Anati mdala, udzabwere ukadzakhala mnyamata. Kenako anandimvera chisoni n'kundilowetsa mabwana atapita kukadya. Ndinaima pa bokosi lija. Sindinaone chogwirira, sindinaone tcheni, ndinangoona chinthu chobiriwira ngati chitsamba. Nditatambasula dzanja kuti ndiwakhudze, ndinagunda galasi. Mnzangayo anapukuta ndi mpango pamene ndinagwirapo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mwanayu amakumvera iwe. Muuze asunge dzina, chipinda ndi mpando wake, sindidzatsegula pakamwa kwa munthu. Angonditulutsira makinawo mtedza usanakumbidwe. Pentiyo ndipala ndi mpeni, zimenezo zala zimatha popanda maso. Ndikufuna ndiwamve akulira pakhonde panga, basi.

Ukaona kuti n'zovuta, usadzivutitse kundinamiza. Ungondiuza, ndibweze wilibala ya eni ake, chifukwa ndakhala ndikuisunga kuti ndidzatengerepo makinawo.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ukamayankha ulembe zilembo zikuluzikulu, sindifuna kuti aneba andiwerengere zimenezi.

Ndine mlongo wako,
Wa zitini