Malita Atatu a Petulo

Chinsapo, Lilongwe

Okondedwa achemwali anga a Hanifa,

Salamu alaikumu. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga mwendo wa Amayi uja wasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Zuhra watsala ndi masabata atatu, ndipo mimba yafika poti nsapato ndimamuveka ndine. Amati ndimamuveka mokhotakhota ngati si telala.

Mwina mwamva kuti kuno petulo wasowanso. Magalimoto akugona pamizere, ena mpaka eni ake amaiwala mtundu wake. Poopa tsiku la Zuhra, ndinagwirizana ndi a Enerst, aneba athu a kagalimoto kaja, kuti adzatitengera kuchipatala ku Likuni bola mafuta ndipeze ndekha. Tinaima nawo pamzere masiku awiri, makina anga osokera ali phee, ndipo anandipopera malita atatu m'kachigubu.

Pamzerepo tinali ndi a Mackson, msilikali wopuma wa kuseri kwathu, munthu woti akayamba kulankhula sapuma. Ankati petulo wathu amachokera kumayiko a Aluya, amadzera pakampata kopapatiza ka panyanja, ndiye akulu akakangana n'kutseka pamenepo, ife a ku Chinsapo timayenda wapansi. Ati nkhondo amapambana ndi amene ali ndi mafuta, chifukwa kasinja wouma ndi khola la nkhuku chabe. Ati n'chifukwa chake mayiko ochenjera amakhala ndi nkhokwe yosakhudza, ngakhale m'bale alire bwanji. Anandilangiza kuti kachigubu kanga ndikasunge chimodzimodzi. Ndinamvera, ndinakatsekera m'kanyumba ka panja, kiyi m'thumba.

Achemwali, dziko ili! Lachiwiri masana amene anagwada pakhomo panga ndi a Mackson omwewo. Mwana wawo wamkazi, nayenso woyembekezera, anayamba kutaya magazi. Galimoto ya a Enerst inalipo, koma youma gwa. Bambo aja anandipempha kachigubu kaja, chipewa chili m'manja.

Ndisakunamizeni, ndinakana. Ndinawauza kuti kiyi sindikumuona, pamene akundibaya pantchafu. Zuhra ndiye anatuluka atagwira chiuno, n'kundifunsa ngati ndinakwatira iye kapena chigubu. Anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo ndikapanda kupereka iye akathyola yekha chitseko. Mumamudziwa mlamu wanu, sanena kawiri. Ndinapereka, manyazi ali tho.

Mtsikanayo anapulumuka, mwana wake ndi wamwamuna. A Mackson tsopano akumadzuka kukaima pamzere kuti andibwezere, koma patha masiku asanu galimoto yobweretsa petulo siinabwere. Za nkhondo asiya kukamba.

Pempho langa ndi limodzi. Anamwino akuti Zuhra atha kukakhaliratu kuchidikiro, kufupi ndi chipatala, kuti tsikulo lisadzafune galimoto. Koma pafunika mayi womukhalira, wophika ndi kumuyang'anira, ndipo amuna kumeneko satilola. Bwerani, chonde. Ndikudziwa kuti mpunga wanu wacha ndiponso mabasi ndi a mwayi, koma kwerani ngakhale lole ya usipa, sopo tili naye.

Zuhra sakudziwa kuti ndalemba, akanati ndikukuvutitsani. Amaseka, amandinyogodola, koma ndimamupeza atakhala yekha akuyang'ana kumsewu. Inu mukukumbuka kuti mwana wathu woyamba uja anabadwira panjira, tikufunafuna chokwera, ndipo sanalire. Ndine ndinamunyamula m'manja kupita kumanda. Ndili ndi mantha, achemwali. Manja angawa sangathenso kachiwiri.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze zabwino zokhazokha. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa ana onse. Fatu amene wabweretsa kalatayi abwerera Loweruka, mukhoza kudzera limodzi.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Shaibu