Masamba a Sellah

Khwethemule, Thyolo
9 Febuluwale 2009

Okondedwa achemwali a Debora,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kasunguko pamodzi ndi alamu. Mwendo uja unaleka kutupa? Kuno tadzuka, mvula ikugwa, tiyi waphuka bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Mukukumbukira mgwirizano umene kalabu yathu ya alimi a tiyi inasaina ndi ogula a ku Ulaya. Chiyambireni mtengo unakwera, mjigo wa pasukulu unachokeranso m'menemo. Koma uli ndi malamulo: mankhwala ena saloledwa, ndipo masamba azidziwika munda umene achokera. Anzanga anandisankha kuti ndiziyendera minda, ati ine sindiphonya kanthu.

Achemwali, sindinaphonyedi. Mwana wanu Sellah anabzala matimati m'mipata momwe tiyi anauma, n'kupopera mankhwala oletsedwa aja. Botolo lake ndinalipeza m'mundamo. Ndinaima nalo m'manja nthawi yaitali. Akanalipeza oyendera akunja, kalabu yonse ikanachotsedwa mu mgwirizano. Ndinakanena ku kalabu. Amuimitsa kugulitsa mpaka Juni.

Lachiwiri anabwera pa sikelo ndi dengu lodzaza, mwana kumsana. Anandinong'oneza kuti ndiyeze masambawo pa dzina langa, monga tinkachitira kale wachibale akavutika. Ndinakana. Anandifunsa mokweza ngati azunguwo ndi amene adzandilire pamaliro panga. Anthu anaseka. Iye anakhuthula dengulo pamapazi panga n'kumapita.

Ine malume ake, amene ndinamuimira pachinkhoswe! Ndipo miyezi ya masamba ndi inoyi. Juni akafika ndi chisanu chake, adzathyola chiyani?

Ndaganiza chonchi: azithyola m'munda wanga wa kumtsinje, zopezekazo zikhale zake zonse. Ndafunsa ku kalabu, ndafunsanso, lamulo silikuletsa. Koma akandiona panjira amakhotera ya kutchalitchi. Mayi a kunyumba anapita kwa Sellah, anauzidwa kuti wachokapo, mawu ake akumveka m'nyumba. Chonde muimbireni foni, inu akumverani.

Tiyi wake ndikumathyola ndine m'mawa, kuti asatalike n'kuwonongeka. Masambawo, abwinobwino, ndimakataya kudzenje poti saloledwa pa sikelo. Dzulo Sellah anaima pakhonde n'kumandiyang'ana mpaka ndinamaliza mzere. Sanandipatse moni, koma sanandithamangitse.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mnyamata wanu Dixon.

Ndine mlongo wanu,
Everson