Mfuti Imene Ndinadikira Zaka Khumi

4 Ogasiti

Zaka khumi zakwana lero. Zaka khumi ndi mfuti yomwaza tizipolopolo, monga lamulo lifunira, munthu asanaloledwe kugwira yoponya patali. Agwape amaidziwa yangayi kuti siifika. Amaima kutsidya kwa munda n'kumandiyang'ana uku akutafuna nyemba zanga. Mwano weniweni. Chaka chino aona.

6 Ogasiti

Kumzinda wa Kushiro, kusitolo ya mfuti ya a Tsuruoka. Za oyamba kumene zilipo ziwiri. Ina yapulasitiki, yopepuka, siopa mvula. Ina yamtengo, yolemerako, koma siimenya phewa kwambiri. A Tsuruoka amvekere, "Tengani yopepukayi mayi, inayi n'ja amuna." Ndaseka nawo, mumtima ndikutukwana. Ndasankha yamtengo, mwina dala. Andisungira mpaka chilolezo chituluke. Ndikufuna ndiizolowere pa chandamale nyengo yosaka isanatsegulidwe.

Bambo anga ondibereka ndawaonetsa chithunzi chake. Achiyang'anitsitsa, kenako n'kundifunsa ngati adya kale. Anali atadya.

19 Ogasiti

Mapepala ndapereka kupolisi. Kalata ya dokotala yoti mutu wanga ukuyenda bwino, nayonso. Chatsala n'choti afunse aneba ndi a m'nyumba muno ngati ndine woyenera mfuti yotere. Aneba sindikuwaopa. Koma a m'nyumba muno ndi Bambo basi.

Ndine ndinanyamula mfuti yawo kukaipereka kupolisi zaka zitatu zapitazo, atalephera mayeso a okalamba aja oona ngati munthu akukumbukira. Dzina langa amaiwala. Zimenezo ayi.

2 Seputembala

Kunabwera wapolisi, a Ebina. Aulemu, nsapato anazivula n'kuzifola bwinobwino pakhomo. Ine anandipempha ndituluke. Koma zitseko za m'nyumba zakuno n'zapepala, ndiye Bambo ndinawamva.

"Mkazi ameneyu sindimudziwa, bwana. Anandibera mfuti. Mukangompatsa ina, woyamba kuwomberedwa ndine."

Cholembera ndinachimva chikuyenda.

Atapita ndinawasambitsa Bambo, kuwawenga zikhadabo, kuwaphikira nsomba yawo ija. Osalankhula nawo. Iwo kumangoimba.

21 Seputembala

A Ebina pafoni. Sanakane, anthu amenewa sakana. Akuti matenda a Bambo akuwamvetsa, koma zolembedwa zalembedwa, ndiye ndi bwino ndiyambe ndabweza pempho langa "mpaka zinthu zitasintha pakhomopo". Zisinthe bwanji? Tonse awiri tikudziwa. Nyumba ya okalamba kapena manda.

Mlongo wanga Noboru, ali phee ku Sapporo: "Ingowalembetsani kunyumba ya okalambako achemwali, mwayesetsa." Iye wobwera kamodzi pachaka ndi kabokosi ka maswiti. Fomu ya kunyumbako anatumiza kalekale, ili m'dilowa pansi pa mathawulo.

Nyemba za kumunsi kwa mtsinje zatheratu ndi agwape. Mizere makumi atatu, zitsa zokhazokha. Ndinakhala pansi m'mundamo n'kulira, osati chifukwa cha nyemba. Bambo ndimadana nawo. Ndalemba, zikhale choncho.

27 Seputembala

Kumalo oyeserera kuwombera. Anzanga onse ndi mfuti zawo zazitali, ine ndi chikale changa. Wina akuti, "Paja mumati chaka chino, mayi?" Ndinangoti mapepala akuchedwa. A Tsuruoka nawo aimba foni. Pali wina akuifuna yamtengo ija, asunga mpaka Lachisanu basi, pokhapokha nditawauza kuti nkhani ikuyenda.

1 Okutobala

Nyengo yatsegulidwa. M'mawa mfuti kulira kuphiri, za eni ake. Bambo anaika pansi timitengo todyera, kutchera khutu. Maso ali mbee ngati kale.

"Sanae, kodi zaka khumi sizinakwane? Inetu ndakhala ndikuwerenga. Ukatenge yamtengo, mwana wanga, ndikakuphunzitsa ndekha. Dzanja lako n'labwino kuposa la Noboru."

Dzina langa. Koyamba chiyambireni chaka chino.

Fomu ija ndinaitulutsa dzulo. Ndalemba zonse, mankhwala awo, zakudya zimene sakonda, kwangotsala kusaina. Ili pompano pambali pa kope. Lachisanu ndi mkuja.

Bambo akundiitana pakhomo. Avala kale chipewa chawo chosakira, nsapato asinthanitsa miyendo, akuti tifulumire agwape asanakwere phiri. Cholembera chosainira fomuyo n'chomwechi, ndikangochotsa dzanja pakope pano