Mzukwa Woliza Belu

Chisenga, Chitipa
Julayi 1978

Msuweni wanga Sylvester,

Monile, monga amanenera kuno. Kodi ulesi uja unakusiya? Ife tili bwino, kungoti tulo tavuta. Tinene kuti ndi kuzizira kwa ku mapiri a Mafinga.

Ndapekanso nthano yoseketsa, ndipo ana anga a sukulu anaichita sewero. Ndi ya mzukwa wokalamba wokana kuvomera kuti unafa: umalizabe belu m'mawa uliwonse, anthu n'kumauwombera m'manja chifukwa cha mantha. Makolo anaseka mpaka misozi. Bambo wina wachilendo, wa nsapato zonyezimira, sanaseke. Sewero litatha anandifunsa mwaulemu, "Aphunzitsi, mzukwawu ndi ndani?"

Ndinamuuza zoona: ndi agogo athu a Petros, amene anakakamira belu la tchalitchi ngakhale atagontha, mpaka kumaliliza pakati pa ulaliki. Anafunsa dzina la mudzi wathu, kenako lako.

Alendo otere akakupeza, uwasonyeze manda a agogo ndi belulo. Usawonjezerepo nthabwala zako. M'banja mwathu woseketsa mmodzi wakwana.

Mlamu wako Justina ndi ana akwera basi Lachisanu. Ukawachingamire pa Ntcheu. Usawafunse kuti ine ndibwera liti.

Ndine msuweni wako,
Wallace